Chitini cha Mabatani

Lolemba

Banga la oyilo pabwalo lakula. Ndaliyeza m'mawa uno: mapazi atatu m'litali, awiri m'lifupi. Amake Lute ali moyo silinkaposa mbale ya ndiwo. Ine ndinkayesa dothi limamwa lokha. Kani ndi iwo ankathirapo phulusa n'kusesa ine ndisanadzuke.

Loweruka tikuvundukula chiliza chawo kumudzi kwawo, kumtunda kwa Naisi. Chaka chakwana. Lute ali kale komweko ndi ana. Alamu anga a Enelesi, akulu awo a malemu, apempha kuti pikapu yanga inyamule amayi a kumpingo asanu ndi atatu, onse m'mabulauzi oyera ndi maduku oyera. Ndavomera.

Vuto ndi kapaipi. Kamachokera m'mbali mwa injini n'kuloza pansi, kamatulutsa kautsi ndi timadontho. Galimoto ikaima, timadonthoto timagwera pabwalo. Ikamathamanga, mphepo imatinyamula n'kukatimwaza pa aliyense amene wakhala kumbuyo. Zaka zisanu ndi ziwiri amake Lute akunena za kapaipi kameneka. Zaka zisanu ndi ziwiri ine ndikuyankha kuti ndikonza Loweruka.

Loweruka lake ndi limeneli.

Ndapita kwa a Likoswe, oyendetsa lole ya pasukulu. Maganizo anga anali kungokhomerapo kamtengo. Akana. Akuti injini imapuma ngati munthu. Pisitoni ikamakankha, mpweya wina umazemba m'mbali mwa maring'i n'kutsikira kumene kumakhala oyilo, ndipo uyenera kupeza potulukira. Maring'i akatha, mpweyawo umachuluka. "Yanuyi, achimwene, sikupuma ayi, ikuchita befu."

Nzeru yawo: kapaipi kalowe m'chitini. Oyilo atsale m'chitinimo, mpweya utuluke pa bowo lachiwiri. Akuti a mipikisano ya magalimoto kunja amatero. Anaona m'magazini kwa aphunzitsi aakulu.

Zofunika:
- chitini chokhala ndi chivundikiro
- hosi, mkono umodzi ndi theka
- waya
- mphira ya chubu cha njinga
- mabowo AWIRI. A Likoswe anena katatu.

Chitini chabwino m'nyumba muno n'chimodzi chokha, cha mkaka wa ufa, chija amake Lute ankasungiramo mabatani. Ndachitenga, ndachibwezera, ndachitenganso. Mabatani ndakhuthulira m'mbale. Kuchuluka kwake! Ena ndi a malaya amene ndinaiwala kuti ndinavalapo.

Amake Lute sangadandaule. Ntchitoyi anaipempha okha.

Lachiwiri

Kumsika wa Domasi pa njinga. Petulo akusowa, ndikusungira Loweruka. Nkhondo ya ku Mozambique yafika mpaka m'thanki yanga.

Che Saidi, okhoma zidebe, ali pansi pa mango awo monga mwa masiku onse. Ndawafotokozera zonse, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Amvetsera bwino. Aboola bowo loyamba, alowetsapo kapaipi kachitsulo, awotcherera ndi mtovu. Chivundikironso awotcherera kuzungulira konse. Ntchito yokongola zedi.

Ndakumbutsa za bowo lachiwiri.

"Akalaliki, mukufuna chitini chosunga kapena chotaya?"

Ndati chosunga.

"Nanga bowo lina n'lachiyani?"

Ndayesa kunena za mpweya. Akuti mpweya sulemera, upeza pokhala. Akuti chiyambire unyamata wawo akutseka mabowo m'chigwa chonse chino, ndipo palibe mayi anabwezapo ndowa. Ndiye lero atulutse chitini chobooka, anthu akuona?

Achimiza m'beseni la madzi, chala chili pa kapaipi. Thovu ngakhale limodzi, ayi. Amayi atatu ogula zidebe awomba m'manja. Inenso ndawomba. Sindikudziwa chifukwa chake.

Panjira ndikumva che-che-che m'thumba. Batani limodzi latsalira mkati! Pa kapaipi silikukwana. Ndagwedeza mpaka mkono kuwawa. Likhale momwemo.

Masana ndamangirira. Hosi ndadula ku ija yothirira ndiwo kuseri kwa nyumba. Mphira uku, mphira uku, chitini ndachipachika ndi waya pafupi ndi batire. Ng'ombe yojambulidwa pachitinipo ikuyang'ana kabureta. Ikuoneka yokhutira.

Za bowo lachiwiri a Likoswe sindiwauza. Mwina Che Saidi akunena zoona. Ndaganizira bwinobwino, mpweya sulemeradi.

Lachitatu

M'mawa ndayala nyuzipepala pansi pa injini, ndaliza mphindi zisanu. Dontho palibe! Pepala loyera mbee! Ndalitola, ndathamanga nalo m'nyumba kuti ndikawaonetse amake Lute. Ndafika mpaka pakhomo la kuchipinda.

Ndalipinda, ndaliika patebulo.

Ulendo woyesa: kwa Malemia n'kubwerera. Batani likuimba che-che-che ngati chisekese. Poyamba zonse bwino. Pachitunda chija cha kumadimba injini yayamba kulira mwachilendo, ngati munthu wadya nyemba zambiri ndipo wakhala pakati pa alendo. Ndaima. Ndatsegula boneti injini ikulirabe.

Zimene ndaona:
- chitini chatupa ngati mandasi, ng'ombe yanenepa
- hosi yauma gwa
- oyilo akutuluka pa gasiketi ya pamwamba, pomwe sanatulukepo chiigulire

Ndakoka waya wa mafuta pang'ono kuti ndimvetsetse. Phuu! Ndodo yoyezera oyilo yafwamphuka, yadutsa pakhutu panga, yauluka. Oyilo kumaso, pamalaya, pachipewa. Ndadzipukuta ndi mpango wa m'thumba, ndangoonjezera.

Ndodoyo yagwera m'dimba la mayi wina amene amathirira. Sanathawe. Angoimika keni pansi. "Bambo, galimoto yanuyi imaponyanso mikondo?"

Tafufuza awiri pafupifupi ola. Taipeza itazika chilili pakati pa matimati, ngati winawake waibzala. Ndapepesa. Andipatsa mpiru, akuti nkhope yanga ikumvetsa chisoni. Sindinafunse ngati akunena za oyilo.

Kubwerera pang'onopang'ono, hosi nditaizula.

Madzulo ndawerenga pabwalo. Mabanga anayi. Lolemba linali limodzi.

Masiku atsala atatu.

Lachinayi

Ndaulula kwa a Likoswe. Aseka mpaka kutsamira lole. "Mwaitseka mphuno, mwaitseka pakamwa, ndiye mumati ipumira kuti? Yadzipezera yokha!" Koma ndi munthu wabwino. Adula gasiketi ina pa katoni ya sopo, amanga mabawuti. Mabanga atsika kufika awiri. Anditumizanso kwa Che Saidi.

Che Saidi akana. Achitembenuza chitini chotupacho m'manja monyadira. Akuti umboni ndi umenewu: injini yalephera, chitini chapirira. Aitana wogulitsa usipa kuti adzaone.

Pomaliza tamvana chonchi: andibwereka msomali ndi hamala, iwo atembenuka kuyang'ana kumsika. "Ine sindinaone kanthu, akalaliki. Akakufunsani, munagula kwina." Ndaboola ndekha. Kabowo kakang'ono pa chivundikiro.

Ndabwezera pa injini. Ikupuma tsopano. Koma ikuimba wezulo! Fyiii, weniweni wa apolisi. Ndikaponda mafuta wezulo akukwera, batani likuvomereza pansi.

Kuchokera kumsika kufika kunyumba:
- apanjinga atatu atsika n'kuima njo m'mbali mwa msewu, wina wavula chipewa
- bambo wina wataya mtolo wa nkhuni za kuphiri n'kulowa m'nsungwi
- agalu asanu andiperekeza mpaka pageti

Chinanso, utsi wa pa kabowo ukulowa pa mpata wa mapedulo n'kudzaza kutsogolo. Ndikuyendetsa mutu uli panja. Loweruka alamu adzakhala kutsogolo komweku. Alamu ali ndi chifuwa.

Mbiri yafala kuti ndili ndi chitini chokama oyilo ku injini. Sindikudziwa wayambitsa ndani. Ndikukayikira wa usipa uja. Madzulo anthu anayi pabwalo, aliyense ndi botolo. Wina akufuna kupaka nsichi za nkhokwe chiswe chisadye. Wina tcheni cha njinga. Wina galu wake wa mphere. Wachinayi sakudziwa chochita naye, wangotsatira anzake.

Ndati abwere mawa. Amake Lute akanadziwa kuwabweza mwaulemu, iwo n'kupita akuthokoza. Ine ndawatulutsira mipando.

Lachisanu

A Likoswe akuti ndiike hosi yachiwiri pa kabowo, ipite mpaka kumapeto kwa galimoto. Utsi ukatulukire kumeneko, wezulo atha. Anena akukwera lole, amathamangira ku Zomba kukatenga ufa wa ana a sukulu. Mwina ananenanso china injini yawo ikulira. Sindinamve.

Che Saidi ali ku mzikiti. Ngakhale akanakhalapo.

Ndakuza bowo ndekha ndi mchira wa tupa. Hosi yothirira ndiwo ndatenga yonse yotsala. Ndiwo zizimwa madzi a m'ndowa. Ndailowetsa mpaka pansi pa chitini kuti isachoke panjira, ndazunguliza mphira, ndamata sopo. Nzeru imeneyi ndi yangayanga.

Hosi yafupika. Yalekeza kuseri kwa mpando, pamene bodi imayambira. Ndaimanga ndi waya kuti iloze pansi. Pansi ndi pansi basi.

Ndaliza. Utsi kutsogolo palibe! Wezulo watha! M'malo mwake ikulira buuu, ngati ng'ombe yosiyidwa m'khola. Izi ndingapirire. Palibe amataya nkhuni chifukwa cha ng'ombe.

A mabotolo abwera ndisanamate sopo. Lero asanu ndi awiri. Ndapendeketsa chitini onse akuyang'ana. Zatuluka: supuni imodzi ndi theka, zachikasu, zonanda ngati phala la mwana. A Likoswe ananena kuti zimatero oyilo akasakanikirana ndi nthunzi. Ndafotokoza. Wa galu uja wanunkhiza, wagwedeza mutu. "Akalaliki akubisa." Apita osatsanzika.

Masana alamu abwera kudzaona galimoto. Akuti amayi atenga zitenje zakale zofunda pamwamba pa mabulauzi, monga amachitira nthawi zonse akakwera yanga.

Monga nthawi zonse!

Ine ndinkayesa amamva mphepo. Alamu akuti ndi malemu ankadutsa m'makomo dzulo lake: "Mawa tikwera ya abambo, tengani chitenje chachiwiri." Zaka zonsezi. Ine osauzidwa.

Zandilasa pang'ono. Ndatsegula boneti, ndawaonetsa zonse, hosi yolowa, hosi yotuluka. Ndati zitenje zisiyidwe. Ulendo uno achemwali awo awaone akufika oyera.

Alamu ayang'ana nthawi yaitali. "Si cha mabatani ichi?"

Ndati n'chomwecho.

Za zitenje avomera.

Ndatsuka galimoto, ndakweza mabenchi awiri. Malaya ndasita ndekha. Kolala yapsa pang'ono, jekete libisa.

Loweruka

M'mawa. Amayi asanu ndi atatu pa mabenchi, oyera ngati akakowa m'munda wa mpunga. Alamu kutsogolo, maluwa ali pamiyendo. Mtima wanga uli m'malo.

Patala zonse bwino. Amayi akuimba, injini ikulira buuu, batani che-che-che. Alamu akuti zikugwirizana.

Pa Naisi takhotera kumsewu wafumbi. Chitunda, mabampu, katundu wolemera. Injini ikuchita befu kuposa masiku onse. Pena pake pansi pagunda mwala, gu! Sindinaime. Ndinayesa ndi chitsulo cha utsi, chimagunda kawirikawiri.

Zimene ndadziwa pambuyo pake: mwalawo wasuntha waya, hosi yatembenuka, yasuzumira pa mpata wa kuseri kwa mpando, yaloza kumwamba.

Zimene ndimamva nthawi imeneyo: nyimbo ikuchepa mawu. Kenako munthu akumenya denga, gu gu gu. Kenako ambiri. Ndati mumtima, amayiwa lero agwidwa ndi mzimu, akuimbira ng'oma. Kalilole ndilibe, anasweka chaka chatha. Ndawathandiza ndi hutala. Pi, pi-pi!

Wina wakuwa kuti, "Mvula!" Mu Ogasiti. Alamu ndi ine tayang'ana kumwamba. Kuli ngwee.

Tafika. Abale, abusa, Lute ndi ana, onse aima pabwalo. Ndatsika, ndazungulira kuti nditsegule kumbuyo.

Ndinanyamula akakowa. Ndatsitsa nkhanga.

Mabulauzi, maduku, mabuku a nyimbo, magalasi a mayi wina wachikulire. Madontho okhaokha, ofanana bwino, ngati osindikiza kufakitale. Atsika mmodzimmodzi, aliyense akundipatsa moni mwaulemu. Kuposa kunditukwana. Lute wagwira pakamwa. Hosi ikudonthabe pa benchi.

Nthawi yosintha palibe, chosintha palibenso. Tapita kumanda choncho.

Abusa apemphera. Nsalu yachotsedwa. Mwala ndi wabwino, dzina alemba molondola. Ndayang'ana dzinalo, sindinathe kuyang'ana kwina. Ndimafuna chinthu chimodzi chokha lero.

Alamu agwada kuika maluwa. Asesa kafumbi ndi dzanja. Ndiye akuti, mawu wamba, ngati ali pakhonde: "Achemwali, tabwera. Tabwera pa galimoto ija. Inu mukuidziwa."

Kuseri wina wayesa kutsokomola, zakanika. Wa magalasi uja waphulika ndi kuseka. Kenako onse. Amayi asanu ndi atatu amadonthomadontho akugwirana mapewa, misozi ikutsika. Abusa abisa nkhope m'buku. Wina akuti, "Mwini wake akanatiuza za chitenje!" Wina, "Akutiona, akuti ndinanena ine!"

Inenso ndaseka. Chaka chathunthu sindinamve mawu amenewo m'kamwa mwanga. Kenako kusekako kwasanduka china. Ndatulutsa mpango m'thumba, ndapukuta m'maso.

Mpango wa Lachitatu.

Aseka kachiwiri. Lute wandipukuta ndi nsonga ya chitenje chake, akusekabe. "Ababa, ingoimani chabe. Musagwirenso kanthu."

Pobwerera hosi zonse ndazula. Amayi abwereka zitenje kumudzi. Aimba njira yonse.

Lamulungu

Popita kutchalitchi ndadutsa mabulauzi atatu pa zingwe. Madontho achepa koma alipo. Kutchalitchi amayi avala za masiku onse. Palibe wandiyang'ana moipa. Wa magalasi wandifunsa ngati ng'ombe yagona bwino.

Mawa sopo kwa onse asanu ndi atatu. Ndikapereka ndekha.

A Likoswe adutsa masana, amva kale. Domasi yense wamva. Asuzumira m'chitini. Akuti hosi yotulutsa mpweya imayenera kulekeza pamwamba. Ine poifikitsa pansi ndinapanga pampu: oyilo aliyense wolowa, injini imamukankhira kwa amayi. Akuti ananena Lachisanu. Mwina ananenadi.

Akuti tikhoza kuyesanso ndi chitini chachikulu. Ndawathokoza. Akuti mankhwala enieni ndi maring'i atsopano, ndipo mwina ku Limbe angapezeke, mwinanso ayi.

Zimene ndatsala nazo:
- hosi yothirira ndiwo, zidutswa ziwiri, zonse zonunkha
- gasiketi ya katoni ya sopo
- anthu asanu ndi awiri okhulupirira kuti ndikubisa oyilo
- kapaipi, kali monga kanalili, kakuloza pansi

Chitini ndachimasula. Pogwedeza kuti nditaye zotsala, batani lagwa lokha pa bowo ndinakuza lija. Lakuda bii. Ndalitsuka ndi sopo. Laling'ono, loyera, mabowo anayi. La bulauzi.

Ndaliika m'thumba la malaya. Chitini ndachitsuka katatu, chikununkhabe, ng'ombe sinaphwe. Mabatani ndabwezeramo kudzera pa bowo, limodzilimodzi. Chili pashelefu pamalo pake.

Kuseri kwa khitchini ndapeza mbale yachitsulo yobooka, yopindika mlomo, ili ndi phulusa louma m'mbali. Chaka chonse ndimaidutsa. Lero ndadziwa ntchito yake.

Ndatapa phulusa, ndathira pa mabanga, ndadikira, ndasesa. Loyamba lachepa, ndatapanso. Sizikuoneka ngati mmene iwo ankachitira, koma banga lazilala. Ntchito yake ndi ya mphindi zitatu. Mawa ndidzuka msanga.

Pobwezera mbale ndawauza amake Lute kuti maring'i ndisintha Loweruka. Nkhope imene apanga ndikuidziwa.